Magazi Owamba a ku Amaramba

Ana anga, boma landiuza kuti ndipume, mawondo nawo avomereza, ndiye ndati ndilembe za ntchito yanga ndisanayambe kusokoneza zaka. Za ubwana wanga mukafunse amalume anu, iwo amazikometsera kuposa ine. Pano ndikufuna mudziwe kumene amayi anu ankapita akamakusiyirani phala lozizira m'mamawa, makamaka mudziwe za makhadi a magazi amene ndinawawotcha ndi manja angawa. Mayina a odwala ndi a anzanga ndasintha, zipatala nazo sindizitchula, chifukwa pa ntchito yathu munthu amapuma koma chinsinsi sichipuma.

Entre Lagos, mtendere utangobwera

Tinabwerako ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo, pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa 1992, ine nditasenza mtolo pamutu ndi Chingerezi changa chochepa chimene kuno chinalibe wochifuna. Chipwitikizi ndinachita kuphunziranso ndili kale ndi mwana kumsana, iweyo Joakina. Ntchito yoyamba ndinaipeza pa kachipatala kena kufupi ndi njanji. Ndinali sereventi, ndiko kuti wokolopa, wotunga madzi ndiponso wotumidwa ndi aliyense amene ali ndi pakamwa.

Woyeza magazi pamenepo anali a Jeremiyasi, bambo wamtali wosadziwa kuyamikira munthu. Magetsi kunalibe. Makina awo oonera tizilombo ankadalira kagalasi kotapa kuwala pawindo, moti kukachita mitambo, malungo a anthu a ku Entre Lagos ankadikira kaye kuti kuyere. Timagalasi topakapo magazi tinali tochepa, ndiye ine ndinkatitsuka, tigwire ntchito, nditsukenso, mpaka tinachita zikande. Tsiku lina ndinawapatsa kagalasi kamene ndinakatsuka mothamanga chifukwa sitima inali italowa ndipo ndinkafuna kukagula sopo kwa amayi a geni. Anakayang'ana padzuwa, kenaka anandiyang'ana ine.

"Felisita, bwera uone," anatero. Ndinasuzumira m'makinamo koyamba m'moyo wanga. "Timadonthoto ndi tizilombo ta malungo kapena ndi litsiro lako?"

"Sindikudziwa, a Jeremiyasi."

"Inenso sindikudziwa. Ndiye ndilembe chiyani? Bodza la kubwalo la milandu limamveka tsiku lomwelo. Bodza la muno limakamvekera kumanda."

Ndinapsa mtima, ndinawatukwana chamumtima mpaka madzulo. Koma kuyambira tsikulo ankandiitana kuti ndizisuzumira, ndipo patapita zaka ndi iwowo amene anakakamira akuluakulu kuti anditumize kusukulu ya za labolatoliyo. Sanandiuzepo kuti ndi iwo, ndinachita kumva kwa ena iwo atamwalira kale.

Nampula, nditayamba imvi zoyamba

Ndinagwira ntchito ya labolatoliyo zaka zambiri m'zipatala za m'boma lathu lino, zaka zija matenda a Edzi ankatikolola ngati chimanga. Akuluakulu tinkawayeza mosavuta, koma makanda anatizunguza mutu. Khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilombo limabadwa ndi zizindikiro za magazi a amayi ake, ndiye kuyeza kwathu kwa masiku onse sikunkatha kunena ngati mwanayo watengera kapena ayi. Tinkauza amayi kuti adikire mwana akule. Ambiri mwa ana amene anali nako sankadikira, ankatisiya asanayambe n'kuyenda komwe.

Kenaka kunabwera njira yatsopano, ndipo ananditumiza ku Nampula kukaiphunzira. Mphunzitsi wathu anali mayi wamfupi wa ku Beira, wolankhula mwachangu ngati akuthamangitsidwa. Tsiku loyamba anabwera ndi chingwe chopota pawiri, chonga chimene asodzi amamangira ukonde. Anati m'thupi mwa chamoyo chilichonse muli kaulusi kotere, kosaoneka ndi maso, kotchedwa ADN, ndipo kachilombo kakalowa mwa mwana kamabisa kaulusi kake m'kati mwa ka mwanayo. Kaulusiko kali ndi mbali ziwiri zogwirana, ndipo zimagwirana ndi zilembo zinayi zimene zimayenda ziwiriziwiri. A amagwirana ndi T ndi manja awiri. G amagwirana ndi C ndi manja atatu. Ukatenthetsa, oyamba kutayana ndi A ndi T, pamene G ndi C amakakamirana mpaka kutentha kukwere ndithu.

Mnzathu wina wa ku Cuamba anakweza dzanja n'kunena kuti, "Ndiye kuti A ndi T ndi banja la m'tauni, kukangotentha pang'ono latha." Tonse tinaseka, mphunzitsi nayenso.

Anapitiriza kunena kuti makina aakulu oyezera amagwiritsa ntchito kutentha komweko. Amatenthetsa mpaka pafupi kuwira kuti mbali ziwirizo zimasukane, kenaka amaziziritsa, ndipo tizidutswa topangidwa ndi anthu timathamangira kukagwira pamene pali zilembo za kachilombo. Tizidutswa tinato akatswiri anachita kutisintha zilembo zake pang'ono kuti tizigwira zolimba kuposa tachilengedwe, kuti kutentha kusatiyotse msanga. Anamasula chingwe chija, n'kuchipotanso. "Mwaona? Chomasuka chimabwererana." Kenaka anatenga lumo n'kuchidula tizidutswatizidutswa patebulo. "Koma chodukaduka, makina sangachiwerenge. Ndipo makina akalephera kuona, nthawi zina amangoti palibe."

Ntchito yathu ife a kumaboma inali yooneka yaing'ono. Kubaya khanda pachidendene, kudontheza magazi pa timabwalo ta pakhadi, kuumitsa khadilo pamthunzi popanda dzuwa, popanda moto, kenaka kulitsekera m'kathumba ka pulasitiki n'kulitumiza kumzinda kumene kuli makina. Anzanga ankati kalatawu, ine amene ndinakhalapo ku Malawi ndinkati khadi, ndipo ndi mawu angawo amene anamera kwathu kuno.

Kunyanja ya Amaramba, dzinja lija la mvula yosakata

Nditabwerako ndinkazungulira m'zipatala zing'onozing'ono pa njinga yamoto ya kuntchito, ndikutenga magazi a makanda. Shefe wanga, ndiko kuti bwana wa pantchito, nthawi imeneyo anali a Matiyasi, wocheperapo kwa ine msinkhu koma wophunzira kwambiri, munthu wa nsapato zopolisha ngakhale m'matope. Sanali woipa. Ankangofuna zinthu ziyende, ndipo zinthu zoyendetsera kunalibe. Mafuta a njinga ankabwera mwa apo ndi apo, timatumba toyamwa chinyezi tosungira makhadi tinkatha dzinja lisanafike pakati, galimoto yonyamula makhadi kupita kumzinda inkabwera ikafuna.

Pa kachipatala kena kugombe la Amaramba panali sereventi, Che Amidu, bambo wachikulire wa Chisilamu amene anali msodzi mpaka msana unamukana. Anali munthu wa manja aukhondo ndiponso wosamala, woti ukamusiyira chinthu umagona tulo. Ku Amaramba konse ankadziwika ndi kuwamba milamba. Amalonda a panjinga ankalimbirana nsomba zake chifukwa zinkafika ku Insaca zili bwinobwino, zosanyenyeka, zosachita nkhungu.

Tsiku lina m'dzinja ndinafika kumeneko n'kubaya makanda angapo. Mmodzi mwa iwo anali Zainabu, mdzukulu wa Che Amidu yemweyo, mwana wa mwana wawo wamkazi Asiyatu. Kamwanako kanali kopepuka m'manja, kakutsokomola, maso okha ndiwo anali aakulu. Che Amidu sanandifunse chifukwa chimene mdzukulu wawo analowera m'chipinda changa, inenso sindinawauze. Munthu wogwira ntchito pachipatala amadziwa amene amalowa chitseko chiti.

Mvula inali itagwa kwa masiku osawerengeka. Makoma ankatuluka thukuta, machesi sankayaka. Makhadi aja ndinawayala pa kathandala kake, koma pofika masana anali akadali anyontho ngati ndangodontheza kumene. Ine ndinayenera kupitirira kumudzi wina kumtunda kwa nyanja, ndiye ndinawasiya m'manja mwa Che Amidu.

"Awa ndiwapeze mawa atauma gwa," ndinatero. "Koma padzuwa ayi, mwamva?"

"Padzuwa ayi. Pitani bwino, Dona Felisita, Mulungu akalola muwapeza."

M'mawa mwake nditabwerera, ndisanalowe n'komwe, mphuno yanga inandiuza kuti zinthu zalakwika. M'chipindamo munkanunkhira ngati pamsika wa nsomba. Makhadi anali atandandalikidwa bwino patebulo, ouma gwa monga ndinanenera, mapepala atachita chikasu, madontho a magazi atada bii. Che Amidu anaima pambali manja kumbuyo, nkhope ikuwala.

"Che Amidu, mwatani nawo makhadiwa?"

"Ndawawamba, amayi. Ndinaona kuti akafika mawa achita nkhungu. Musade nkhawa, sindinaike pamoto wa lawi ayi. Ndinakoleza makala a mtengo wabwino, waya ndinatsuka ndi mchenga, ndinkatembenuza limodzilimodzi. La mdzukulu wanga ndinaliika pakati penipeni pamene pamafika utsi wabwino." Ataona nkhope yanga anawonjezera motsitsa mawu, "Munati padzuwa ayi. Padzuwa sindinaike."

Ana anga, mukundidziwa pakamwa panga. Koma tsiku limenelo sindinakalipe. Ndikanamukalipira bwanji munthu amene anapatsa magazi a mdzukulu wake malo aulemu pa ng'anjo yake? Ndinakhala pampando, ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira, ndipo zonse ziwiri zinakanika.

Tsiku la mkangano ndi a shefe

Ndinafika nawo kulabolatoliyo madzulo, galimoto ya kumzinda ikuyembekezeka m'mawa mwake. A Matiyasi ananunkhiza khadi limodzi, anaseka mpaka kupukuta misozi, kenaka anati, "Pakirani, apite."

"A shefe, awa awonongeka."

"Dona Felisita, mwaiwala zimene munaphunzira ku Nampula? Makina amenewo amatenthetsa mpaka pafupi kuwira. Zilembo zimatayana, kukazizira zimagwirananso. ADN si mkaka woti uwonongeke ndi kufunda. Anthu amaupeza m'mafupa a makolo akalekale. Makala a mdala uja angaupweteke chiyani?"

"Kumasuka n'kwina, kuduka n'kwina. Makinawo amatenthetsa m'madzi oyezedwa, mwa kanthawi. Awa agona pa utsi. Sindikudziwa chimene utsi wachita m'katimo, sindikudziwa ngati magazi ophikikawa adzasungunuke n'komwe pa pepalapo."

"Simukudziwa. Inenso sindikudziwa. Ndiye tiwatumize makinawo akatiuze."

Mawu amenewo anandikumbutsa a Jeremiyasi, koma anapita nawo kolakwika. Ndinati, "Akakanena kuti khadi lawonongeka, zili bwino. Nanga akakanena kuti palibe kachilombo, chonsecho kalipo? Mayi adzavina, ife tidzatseka nkhani, mwana azidyeka m'kati."

Apa anasiya kuseka. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nane, ndipo zimene ananena zinali zoona zokhazokha, n'chifukwa chake zinandiwawa. Anati mafuta a njinga atha. Anati msewu wa kunyanja ukuduka tsiku ndi tsiku. Anatinso ndikudziwa ndekha kuti mphekesera za anamapopa zayambanso kugombeko, anthu akuti pali ena oyenda ndi zipangizo zopopera anthu magazi. "Inu mayi wachilendo, wovala zoyera, munatenga magazi a makanda dzulo, mubwererenso kukafuna ena? Akakuponyani miyala ine ndidzawauza chiyani ana anu? Ndipo amayiwo akakana kubwera, tidzakhala opanda khadi lowamba, opandanso khadi labwino. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, Dona Felisita."

Ndinapempha kuti titumize owambawo koma ndipitenso kukatenga ena. Anayankha kuti tidikire kaye zotsatira, tikaona zavuta ndiye tidzapite. Zotsatira masiku amenewo zinkatenga miyezi. Ndinaganiza za kupepuka kwa Zainabu m'manja mwanga, ndipo ndinadziwa kuti mwana uja miyezi yodikira kawiri alibe. Ndinadziwanso kuti malinga ngati makhadi owambawo alipo, palibe adzandilole kubwerera kunyanja.

A shefe atatuluka kukalankhula ndi dalaivala wa ambulansi, ndinatola makhadi onse, ndinapita kuseri kudzenje lowotchera zinyalala za chipatala, ndinawaponya pamoto. Ndinaima pomwepo mpaka la Zainabu linapsa, ndipo mantha amene ndinamva sindinawamveponso chichokereni kunkhondo. Ngati amayi aja akanakana kubwera, ndiye kuti ine ndi amene ndinawotcha mwayi wokhawo umene ana awo anali nawo.

A Matiyasi anandipeza pomwepo. Anayang'ana phulusa, anandiyang'ana ine. "Mwapala moto," anatero. "Njinga simuitenga. Mukafuna kupita, mudziwa nokha." Kwa nthawi yaitali ndithu ankangondipatsa moni wa pamphumi.

Tsiku la sikelo

Bambo anu anandiletsa, ndinawamvera ndi khutu limodzi. Ndinatumiza uthenga kwa namwino wa kunyanja kuti ndidzafika tsiku la sikelo, pamene amayi onse amabwera kudzayezetsa ana kulemera. Ndinasankha tsikulo dala, chifukwa mayi aliyense amalowa yekha m'chipinda, ndiye palibe angadziwe kuti wabayidwa ndi mwana wa yani. Ndinakwera shapa, kaminibasi konyamula anthu, mpaka pamene unathera msewu, kenaka wamalonda wina wa nsomba anandikweza pa kaliyala wa njinga yake. Ndinafika ndikununkha ngati makhadi anga aja.

Pansi pa mtengo wa mango pabwalo la chipatala panali abambo ambiri kuposa masiku onse a sikelo. Abambo sabwera kusikelo. Ena anali atagwira ndodo, ndipo moni wanga anauyankha ochepa. Amayi anaima patali ana ali kumsana, palibe amene ankasendera kukhomo. Wina anafuula kumbuyo kuti, "Magazi oyamba aja munapita nawo kuti?"

Ndisanatsegule pakamwa, Che Amidu anatuluka m'chipatala atavala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu, ngakhale silinali Lachisanu. Anapereka salamu, anthu anayankha. Kenaka anati, "Abale anga, magazi oyamba aja sanapite kulikonse. Ndinawawononga ndine. Amayiwa anandisiyira kuti aume, ine ndi nzeru zanga za kunyanja ndinawawamba."

Mkulu wina anafunsa, "Munatani?"

"Ndinawawamba. Pa waya. Ngati milamba."

Woyamba kuseka anali mayi wina kumbuyo, anayesa kutseka pakamwa ndi chitenje koma zinakanika. Kenaka bwalo lonse linaphulika. Wina anati, "Munathira mchere, Che Amidu?" Wina anati, "Mwayi wake amalonda sanafike, akanagula!" Mdala uja anaima pomwepo, munthu wolemekezeka kumzikiti, akusekedwa ndi ana omwe. Ndinatulutsa khadi latsopano n'kuwaonetsa timabwalo take, kuti aone okha kuti magazi ake sangadzaze ngakhale kasupuni ka tiyi. Ndodo zija zinayamba kugonekedwa pansi, amayi anayamba kufola.

Onse amene ndinkawafuna analowa, kupatula Asiyatu. Anaima pamphepete pa bwalo, mwamuna wake Che Bakali ataima kutsogolo kwake ngati chitseko. "Wanga ayi," anatero. "Anabayidwa kale. Kamodzi n'kokwana."

Kugombeko mwamuna amakhala kwawo kwa mkazi, ndipo mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana m'maso, amalankhulana chapatali, mwaulemu. Mwana ndi wa kuchikazi. Che Amidu akanatha kuitanitsa amalume a Asiyatu kuti alamule, ndipo Che Bakali sakanachitira mwina. Sanatero. Anayenda kudutsa bwalo lonse, anafika pamaso pa mkamwini wawo, n'kugwada m'matope ndi mkanjo woyera uja.

"Bambo, wolakwa ndine. Mukwiyire ine. Mwanayu musamulipiritse mlandu wa agogo ake."

Kuseka konse kunatha. Che Bakali anabwerera m'mbuyo ngati waponda moto. "Dzukani, apongozi, chonde dzukani, anthu akuona." Mdala sanadzuke. Pamapeto pake mnyamatayo anatembenuka, anamasula yekha mwana kumsana kwa mkazi wake, n'kulowa naye m'chipinda changa, Asiyatu akutsatira.

Nditatseka chitseko, anandiuza monong'ona, "Amayi, ine za anamapopa sindikhulupirira. Ine ndi mkazi wangayu tonse timamwa mankhwala. Ndikuopa chimene mukachipeze."

"Inenso ndikuopa," ndinatero. "Koma chikapezeka, mankhwala a ana aliko. Chimene sitingachize ndi chimene sitinachione."

Anagwira kaphazi ka mwana wake ndi manja ake a ukonde, ine ndinabaya pambali pa chipsera choyamba chija. Zainabu analira, bambo ake anayang'ana kudenga. Ulendo uno sindinachoke. Ndinakhala pomwepo kulondera makhadi mpaka anauma okha ndi kamphepo ka kunyanja, Che Amidu atakhala pakhonde, kutali ndi tebulo, manja atawapinda m'khwapa.

Zotsatira zitabwera

Chimanga chinali chitayamba kucha pamene zotsatira zinafika. Ana ena onse aja analibe kachilombo. Zainabu anali nako. A Matiyasi anandipatsa pepalalo, kenaka anaika makiyi a njinga patebulo langa, tanki atadzaza kale.

Kuuza makolo nkhani ngati imeneyo sikuzolowereka. Asiyatu analira. Che Bakali anangofunsa kuti mankhwala ayamba liti, ndipo namwino anati lero lomwe. Ine ndinabwerera kunyumba ndi chisoni, koma pansi pa chisonicho panali mpumulo umene ndinachita nawo manyazi kuuza munthu. Tinali titamupeza akadali moyo. Miyezi yotsatira, ndikafika kugombeko ndinkayamba ndafunsa za sikelo ya Zainabu ndisanavule n'chipewa chomwe. Chifuwa chinasiya, masaya anabwera, ndipo tsiku lina ndinamupeza akukwawira m'dengu la nsomba la agogo ake. Tsiku limenelo ndi limene mtima wanga unakhala pansi.

Musaganize kuti a Matiyasi anagonja. Mpaka tsiku limene anasamutsidwa ankanenabe kuti, "Owamba aja akanaonetsa chimodzimodzi, Dona Felisita. ADN ndi wolimba kuposa mmene mukuganizira." Mwina ankanena zoona. Zilembo zija zimapiriradi zambiri, ndipo umboni ndinauwotcha ndekha, ndiye palibe adzadziwe. Ndinkangowayankha kuti mwina, a shefe, koma mwana wa munthu sayezedwa ndi mwina. Tinasiyana bwino, ndipo ndi iwo amene analamula kuti pa chipatala chilichonse cha kunyanja azifotokozera masereventi onse kaumitsidwe ka makhadi, kutchula dzuwa, moto ndi utsi, chilichonse ndi dzina lake.

Insaca, chaka chino

Masiku ano zinthu zinasintha. Achinyamata amene anatenga malo anga ali ndi makina ang'onoang'ono amene amatenthetsa ndi kuziziritsa okha, zotsatira n'kutuluka mayi asanatope kudikira. Ndikawauza za ng'anjo ya Che Amidu amaganiza kuti ndikupeka.

Mwezi watha ndinali pakhonde ndikusankha nyemba pamene njinga inaima pachipata. Anatsika mtsikana wamtali, wovala mpango kumutu, dengu litamangidwa pa kaliyala. Anagwada n'kundipatsa moni, ine osamuzindikira.

"Ndine Zainabu, wa kwa Che Amidu. Ndabwera ndi ababa kudzagulitsa nsomba kumsika, ali komweko. Agogo anamva kuti mwapuma ntchito, ndiye akuti ndikupatseni izi." Anamasula kamtolo ka milamba yowamba, yakuda bwino, yonyezimira. "Akutinso ndikuuzeni kuti masiku ano amawamba nsomba zokha."

Ndinaseka mpaka nyemba zinatayika. Ndinamufunsa za sukulu, anati ikuyenda koma masamu ndi ankhanza. Ndinamufunsa motsitsa mawu ngati akumwa mankhwala, anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati amasamba. "Tsiku lililonse, agogo. Ababa ndi amene amaiwala, ndimachita kuwakumbutsa ine."

Sanakhalitse, anati nsomba sizidikira. Ndinamuperekeza mpaka pachipata. Anakwinya siketi, anakwera, n'kuyamba kupalasa kukwera kamtunda kaja kopita kumsika, kamene inu nonse mumatsika n'kumakankha. Iye sanatsike. Ine ndinatsala nditagwira nsomba m'manja, maso ali pa chidendene chake chakumanzere, chimene ndinachibaya kawiri chija, chikukwera ndi kutsika pa pedulo mpaka anakhota.